Nthungululu pa Mayeso a Nyenyezi Ziwiri

Anouar sindinamufune kuyambira tsiku loyamba, ndipo sindinabise. Bambo ake, a Haji Abdeslam, ndiwo eni khola la akavalo lino la ku Bouznika. Ine Mbarka ndimaluka tsitsi la pakhosi pa akavalo awo ndi kuchapa nsalu zoyala pansi pa zishalo, ndipo ndimagona m'kanyumba ka kuseri kwa nkhokwe ya udzu. Mwana wanga ndi mmodzi, Hasna. Mwamuna wanga Bouchaib atamwalira anandisiyira zinthu zitatu basi: mtsikanayo, kavalo wotuwa dzina lake Zarzour, ndi bokosi lokhala pansi pa bedi, momwe muli chishalo chake chofiira ndi mfuti yake ya pachikondwerero. Ndiye mwana wa bwana akayamba kuimaima pakhomo pa kanyumba kotere, mayi wanzeru saseka naye.

Lachiwiri masana Hasna analowa ali wefuwefu, chisoti chili m'manja. Ndinali kuthira tiyi.

"Amayi, mndandanda autulutsa Lolemba."

"Mndandanda wa chiyani?"

"Wa opita ku Spain kukaphunzira ndi timu, zaka ziwiri. Khola lino alipatsa malo awiri. Amodzi ndi a Anouar, iye anakhoza kale. Enawo tikulimbirana ine ndi Ghita. Loweruka lino tikukwera mayeso a nyenyezi ziwiri, wochita bwino ndiye apite."

Ghita ndi msuweni wa Anouar, mwana wa achimwene awo a Lalla Batoul, omwe ndi amayi a mnyamatayo. Ana awiriwa akukwawa, akuluakulu anali atawakwatitsa kale pakamwa.

"Ndiye iwe ukapita monga ndani? Womupukutira nsapato?"

"Monga mkazi wake. A Haji anena okha. Akuti mtsikana wa m'khola sangamupatse mwana wawo, koma wokwera wa timu ndi nkhani ina. Ndikapambana, abwera kuno ndi shuga kudzandifunsira mwamwambo, ukwati tilembetsa tisananyamuke."

"Ukalephera?"

Anayang'ana m'katambula. "Apita ndi Ghita."

"Asa! Ndiye ukwati wako auika pamsana pa kavalo? Ine bambo ako anabwera kwathu ndi mitu iwiri ya shuga woumbidwa uja ndi nkhosa yoonda. Sanandiuze kuti ndiyambe ndadumpha mpanda."

"Amayi, zinthu zinasintha."

"Olemera sanasinthe. Imwa tiyi."

* * *

Za Zarzour ndinene pano. Bouchaib anali mtsogoleri wa okwera tbourida kwathu ku Doukkala, aja amathamanga pamzere umodzi n'kuomba mfuti zonse kamodzi. Zarzour anakulira m'menemo. Pa tbourida akavalo amaima kaye ndii, azimayi m'mbali n'kuyamba nthungululu, kenako liwiro lokhalokha. Hasna anamuiwalitsa zonse. Anamuphunzitsa kuyenda mwaulemu ngati mkwatibwi, kupinda khosi, kudumpha zipika ndi madzi. Koma nthungululu yokha sanaiwale. Akaimva ali chiimire, amayesa mbuye wake wadzuka.

Tinazidziwira ku Meknes chaka chatha, pa mayeso ake oyamba a nyenyezi imodzi. Mayesowa amakhala patatu. Amayambira m'bwalo la mchenga, kavalo kuyenda motsata zilembo, oweruza akulemba malikisi, anthu onse ali chete ngati pamaliro. Kenako kuthamanga m'thengo, n'kudzamaliza ndi kudumpha mipanda. Tsiku limenelo Hasna atatha za m'bwalo anaimitsa kavalo pamaso pa oweruza, kutsitsa dzanja, kuweramitsa mutu. Ine nthungululu. Zarzour anauluka kampanda koyera kaja n'kukaima pakati pa magalimoto. Anthu anaseka, kuyesa kuti wadzidzimuka ndi kuomba m'manja. Oweruza anati palibe mlandu, mayeso anali atatha. Odziwa chenicheni tinali atatu: ine, Hasna, ndi Anouar amene anali naye pafupi.

"Amayi, zikanachitika ndisanamalize, bwenzi atandichotsa," Hasna anandiuza pobwerera. "Miyendo yonse inayi ikatuluka m'bwalo, basi. M'thengo sulowa, mipanda sudumpha."

"Ndiye mwana wa Bouchaib azipambana mwakachetechete ngati wakuba?"

"Muziimba nthungululu yanuyo. Koma muzidikira ndimalize."

Hasna anamulumbiritsanso Anouar, potchula manda a Bouchaib, kuti asauze munthu. Mayeso ena atatu a nyenyezi imodzi anadutsa bwino. Kavalo akaima pamaso pa oweruza, ine ndimayamba. Hasna amakhala atakonzeka, zingwe atagwiritsa, Zarzour amangovina pang'ono. Ndinaziloweza ngati pemphero la swala: akaima pamaso pa oweruza, ndiye kuti zatha.

* * *

Lachitatu m'mawa Anouar anafika pakhomo ndi pepala.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Amayi ako ali kunyumba ya matailosi uko."

Anaseka mwamanyazi. Mano ali nawo abwino, sindikana. "Ndabwera ndi pepala la mayeso a Loweruka. Ndi osiyana ndi aja munazolowera. Ndimati ndikufotokozereni, kapena mubwere mudzaone tikuyeserera. Pali pena pake pamene…"

"Iwe undiphunzitse ine za kavalo? Ndinayamba kupesa akavalo iwe usanabadwe."

"Si choncho, amayi. Mphindi zisanu zokha."

"Mphindi zisanuzo ukawapatse amayi ako. Ukawauze asiye kumutcha mwana wanga kamtsikana ka ndowe. Unawauza?"

Anayamba kupindapinda pepala lija m'manja.

"Ndinadziwa. Choka, ukunditchingira dzuwa."

Pepalalo analisiya pawindo, n'kulipsinja ndi mwala. Ndinayatsira mbaula.

Madzulo ake Hasna anandifunsa, "Anouar wakufotokozerani zonse?"

"Wafotokoza."

"Ndiye mwamvetsa, eti? Mubwera mawa kudzaona?"

"Ndamvetsa. Kubwera ayi. Sindingaime pamenepo kuonerera mnyamata akukugwira bondo ati akukukonzera mwendo."

Bodza limenelo ndinalinena kuti nkhani ithe. Linali lalifupi, liwu limodzi. Ndikanadula lilime.

* * *

Loweruka tinafika ku bwalo la mpikisano, kufupi ndi Rabat, dzuwa likungotuluka. Ndinakwera pa ndowa n'kuyamba kumuluka Zarzour. Foni ya Hasna inalira. Anawerenga, n'kumwetulira ngati chitsiru.

"Akuti chiyani?"

"Akuti: Usaope. Ndiima pafupi ndi polowera, ukayang'ana undiona. Shuga ndagula kale, mitu inayi, ndabisa m'galimoto."

"Wabisa. Mwamuna weniweni shuga amanyamula paphewa, anthu onse aone."

"Amayi inu, kodi simungamuyamikire kamodzi kokha?"

Ndisanayankhe anatulukira Ghita, buluku loyera mbee, fungo la mafuta ake kufika patsogolo. Kumbuyo kwake ankamukokera kavalo wake wa ku Germany, wamtali ngati ngamila.

"A Mbarka, mukatha bulu wa mfutiyu mubwere mudzaluke wanga."

"Wanuyo akalukeni amene anakugulirani."

Anaseka n'kutembenukira kwa Hasna. "Mnzanga, jekete imeneyo si ija ndinataya chaka chatha? Ikukukhala bwino, ndithu. Dzulo tinakusowatu kwa azakhali. Tinadya nkhunda. Anouar ndiye anandiperekeza kwathu, sanakuuze?"

Anatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi. Ndinasuzumira. Anouar ndi Ghita pampando umodzi, Lalla Batoul ataima kumbuyo, manja pamapewa a onse awiri.

"Zabwino zonse m'bwalomo," anatero Ghita. "Ugwiritse, akavalo a kumudzi sadziwika."

Atachoka, Hasna anatsegula mauthenga a Anouar pa foni yake. Analemba: "Dzulo unali ndi ndani?" Yankho linabwera pomwepo: "Amayi anaitana abale. Palibe kanthu. Ndikuuza ukamaliza. Maganizo onse pa kavalo."

"Palibe kanthu," anabwereza Hasna. Maso anali atadzaza.

Ndinatsika pa ndowa. Ndinamulanda foni n'kuiponya m'thumba la mkanjo wanga. Kenako ndinachotsa ulusi wofiira umene ndinasolola pa lamba wa Bouchaib, n'kuumanga pa luko lomaliza, pomwe dzanja lake limakhala.

"Mwanawe, kulira ulire madzulo. Pano kwera. Kamtsikana ako ka nkhundako akakuone."

Anandipsompsona pamphumi. "Mukumbuke, amayi. Mudikire ndimalize."

"Ndamva kale."

* * *

Malo anga amakhala padzuwa, pamodzi ndi osamalira akavalo. Ndikupita kumeneko ndinamva dzina langa.

"Lalla Mbarka! Bwerani kuno kumthunzi."

Anali Lalla Batoul. Zaka zinayi ndakhala pakhola pawo, sanandipatsepo moni woposa kugwedeza chibwano. Lero ndine Lalla, mayi wolemekezeka. Anachotsa chikwama chawo pampando, n'kupatsapo ndi dzanja lodzaza zibangili.

"Khalani apa, achemwali. Ndani akudziwa, mwina posachedwa tikhala pachibale. Tengani zipatso za tende izi."

Ndinene zoona, mtima unandikoma. Ine amene ndimati olemera ndimawadziwa, ndinakhala pampando wofewa n'kudya zipatso zawo, ndikuganiza kuti mwina mayiyu wagonja.

Ghita ndiye anayamba. Ngamila yake inayenda ngati ikunyansidwa ndi mchenga, penapake inaponya mwendo, penapake inakana kukhota. Ine sindinaonerere mpaka kumapeto, ndinali kufunafuna mwana wanga ndi maso kumene ankatenthetsa kavalo. Ndinangomva anthu akuomba m'manja mwaulesi.

Belu linalira, Hasna analowa.

Anthu inu. Kavalo wa kumudzi uja! Khosi lopinda ngati chogwirira cha ketulo, miyendo kutera pansi ngati akuopa kudzutsa mwana. Mwana wanga ali chilili pamsana, manja osagwedera, ngati iye ndi kavalo anabadwa tsiku limodzi. Anazungulira, anapingasa bwalo, anayenda chammbali miyendo ikupingasana, chinthu chimene sindinamuonepo akuchita. Mzungu wina wokalamba kutsogolo kwathu anavula chipewa. Ndinamuona Anouar polowera paja, chibakera chili pakamwa. Ndinaganiza za Bouchaib, kuti akanakhala pano bwenzi akunamizira fumbi kuti lamulowa m'maso. Anga anali atadzaza kale, bwalo lonse linkasambira.

Kenako Zarzour anafika patsogolo pa kanyumba ka oweruza n'kuima. Ndii. Miyendo inayi yofanana.

Lalla Batoul anandigwira mkono. "Watha! Mulungu wamkulu, mwana wanu wamaliza, ndipo wawaposa onse. Nanga mwangokhala duu? Kwanu ku Doukkala mayi sasangalalira mwana wake? Kapena mukuchita nafe manyazi?"

Ine manyazi? Ndinaimirira. Ndinaika dzanja pamwamba pa mlomo, n'kuitulutsa yonse, ija ya pa tbourida, ija Bouchaib ankati amaimva mfuti khumi ndi zisanu zikulira.

Makutu a Zarzour anaima. Ndinaona Hasna akutembenuza mutu kundiyang'ana, zingwe zili lende m'manja chifukwa amati ayambe kumubweza chambuyo. Ndi pamene ndinaona kuti dzanja sanatsitse. Mutu sanaweramitse. Ndipo kavalo sanayang'ane kwa oweruza, anaima chopingasa.

Anauluka. Bwalo lonse analidutsa ngati chipolopolo, mchenga kumwazikira pa zilembo, n'kudumpha kampanda koyera. Miyendo inayi. Hasna sanagwe, mwana wa Bouchaib sagwa. Anakamuimitsa kutali, pafupi ndi mitengo.

Belu linalira, lalitali.

Anthu onse anatembenukira kwa ine. Ndinali chiimire, dzanja likadali pakamwa.

Lalla Batoul anapukuta zala ndi kansalu, chimodzichimodzi. "Ayi, pepani achemwali. Ndinaiwala kuti pa nyenyezi ziwiri amaimanso mayeso ali pakati. Ukalamba uwu."

Kuwamenya ndikanawamenya. Koma ndinatsika kukafuna mwana wanga.

* * *

Ndinamupeza kuseri kwa lole, akumuyendetsa Zarzour mozungulira kuti thukuta liume. Sankalira. Bola akanalira.

"Hasna."

"Panatsala pang'ono, amayi. Kubwerera chambuyo, kuzungulira kawiri, n'kulowa pakati. Basi."

"Mwana wanga…"

"Munati wakufotokozerani."

"Ndinanama. Pepala ndinayatsira mbaula."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kupitiriza kuyenda ndi kavalo.

Anouar anafika akuthamanga, nkhope ngati ufa. "Hasna, ndikalankhula ndi oweruza. Ndikawauza kuti phokoso linachokera kunja, mwina…"

"Oweruza ali ndi maso. Anawerenga miyendo inayi."

Ndinamugwira malaya pachifuwa. "Iwe. Amayi ako anandiitanira kumthunzi, kundidyetsa tende, kundiuza kuti watha. Anandikankha ngati mbuzi yopita kokaphedwa. Tsono undiuze, anadziwa bwanji zimene nthungululu imamuchita kavaloyu?"

Anayang'ana nsapato zake.

Hasna anaima. Zarzour naye anaima.

"Anouar?"

"Ndimati ndikuteteze," anatero. "Dzulo patebulo azakhali ena amapangana kuti abwera kudzamuimbira nthungululu Ghita. Ndinachita mantha. Ndinawatengera amayi pambali, ndinawapempha kuti awaletse. Anafunsa chifukwa. Ndinati… ndinangowauza iwo okha, Hasna. Ndi amayi anga. Anandigwira tsaya, anati usadandaule mwana wanga, sipamveka ngakhale chifuwa."

"Unalumbira."

"Ndikudziwa."

"Unatchula manda a bambo anga."

"Ndikudziwa! Ndimenye, nditukwane. Ku Spain sindipita. Ndikulumbira…"

"Usalumbirenso. Zakwana." Hasna anamuyang'ana, kenako anandiyang'ana ine. "Wina anatsegula pakamwa dzulo, wina watsegula lero. Nonse mumandikonda. Ndamva. Tsopano ndisiyeni ndi kavalo wanga."

"Hasna, chonde."

"Msuweni wako alowa m'thengo posachedwa. Pita ukamuwerengere nthawi."

Anatambasula dzanja kwa ine, osandiyang'ana. Ndinamubwezera foni. Ulusi wofiira uja anaumasula pakhosi pa kavalo n'kuuika m'dzanja langa, n'kulipinda.

* * *

Ghita anamaliza zigawo zonse zitatu. Anagwetsa mipanda iwiri, anachedwa m'thengo, koma anamaliza. Lolemba dzina lake linatuluka pansi pa la Anouar.

M'nyumba mwathu munalowa chete. Hasna ankadzuka, kuswali, kupita kukhola. Ndi kavalo ankalankhula, ndinkamumva kudzera pakhoma. Ine ndikamuikira mkate ankadya theka, n'kutsuka mbale yake yekha. Ndinayesa kukalipa kuti mwina andibwezere mawu. Ndinatukwana Lalla Batoul, ndinatukwana oweruza, ndinatukwana amene anayambitsa zoti kavalo aziima kawiri. Ankangondidutsa ngati mtondo.

Foni anaisiya pashelefu. Inkayaka yokha, ine n'kumawerenga zotulukira pamwamba.

"Ndawauza bambo kuti sindipita. Akalipa kwambiri."

"Ndi amayi sindikulankhula nawo."

"Yankha ngakhale liwu limodzi."

Lachitatu kunabwera uwu: "Mawa masana ndibwera ndi shuga, ndekha, poyera. Akafuna andithamangitse. Uwauze amayi."

Ndinaibwezera foniyo pamalo pake. Nditabwerako kotunga madzi ndinapeza yasuntha. Ndiye kuti anawerenga.

Lachinayi, ine amene sindinamufune mnyamata uja, ndinasesa pakhomo kawiri. Ndinaphika zitumbuwa za uchi, ndinatsuka matambula a alendo, ndinathyola timbewu tonunkhira ta mu tiyi. Ndinavala mkanjo wobiriwira umene sindinauvale chimwalirire Bouchaib. Ndinati akabwera ndimutcha mwana wanga, olo pakhosi pandiwawe. Hasna anakhala pabedi akupukuta zingwe zopukutapukuta kale. Koma m'maso anali atapaka wanja wakuda wodzikongoletsera, ndinaona.

Swala ya masana inadutsa. Tiyi anazizira, ndinaphika wina. Mthunzi wa nkhokwe unafika pakhomo, n'kukwera khoma. Galimoto iliyonse ikadutsa kumsewu, manja a Hasna ankaima.

* * *

Dzuwa litapendeka inabwera galimoto, n'kuima pakhomo penipeni. Inali ya Anouar. Ndinakonza mpango.

Anatuluka Ghita. Ndiye ankayendetsa. Pampando wakumbuyo panali Lalla Batoul, galasi atatsitsa theka.

"Mwaswera bwanji, a Mbarka? Mwatchenatu. Mukudikira alendo?"

"Ukufuna chiyani?"

"Ndabwera ndi uthenga wa azakhali. Mawa ikatha swala ya Lachisanu ndi chinkhoswe changa, kumunda wa maluwa kunyumba yaikulu. Akuti nthungululu yanu ija inamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje, azimayi a m'tauni sangaithe. Akufuna muyambitse ndinu Anouar akamandiveka mphete."

"Anouar akudziwa zimenezi?"

"Nanga mphete wasankha ndani?"

"Ali kuti mwini wake? Bwanji sanabwere kudzanena yekha?"

"Watanganidwa. Ulendo wayandikira." Anatsegula kumbuyo kwa galimoto n'kutulutsa mutu wa shuga, wokulungidwa m'pepala la buluu. "Uyu tamupeza muno, anali mitu inayi. Itatu tigwiritsa ntchito mawa. Umodziwu azakhali akuti muzimwera tiyi."

Anandiikira m'manja. Unali wolemera, wolimba ngati mwala. Ndinayang'ana galasi lija lotsitsa theka, ndi nkhope inali kuseri kwake. Ndinaukweza m'mwamba ndi manja awiri.

Wina anandigwira mkono kumbuyo.

"Ikani pansi, amayi."

Mawu ake oyamba kwa ine m'masiku asanu. Hasna anatenga shugayo, anamupukuta fumbi, n'kumukumbatira pachifuwa ngati khanda.

"Ghita, uwathokoze azakhali ako. Uwauze tibwera."

Kumwetulira kwa Ghita kunachepa. Anayang'ana kugalimoto, anatiyang'ana ife, n'kulowa osatsanzika. Galasi lakumbuyo linakwera.

Fumbi litatha ndinamutembenukira. "Wapenga? Ukufuna ndikaime pakati pa afisi amenewo ndi kuimbira mwamuna wako akuveka mphete wina? Ndife kaye!"

"Dzulo analemba kuti abwera. Lero akuti wasankha mphete. Wina akunama, amayi. Ngati ndi Ghita, Anouar amutsekera penapake ndipo akundidikira. Ngati ndi iye, andiuze yekha, ndikumuyang'ana m'maso, pamaso pa bambo ake ndi alendo awo onse."

"Sakulola n'kulowa komwe pageti."

"Geti la kumunda ndi lalifupi kuposa zipika za m'thengo." Misozi inali itayamba tsopano, wanja akutsika m'masaya, koma mawu sanagwedere. "Tipita atatu. Mawa m'mawa musamuluke Zarzour, tsitsi likhale lomasuka ngati kale. Mumuike chishalo cha bambo. Nthungululu akuifuna, muwapatsa. Koma ulendo uno mudikire ndikuuzeni ine."

Anaika shuga patebulo, pakati pa matambula osamwera aja, n'kupita kukhola.

Ndinagwada pafupi ndi bedi n'kukoka bokosi la Bouchaib. Zaka zinayi sindinalitsegule, koma loko ndinamupeza ali pululu, ndipo pachivundikiro panali zidindo za zala pafumbi. Chishalo chofiira chinalimo, chikununkhabe wonga ndi thukuta la mwamuna wanga. Nsalu imene ndinakulungira mfuti yake inalimonso, yopindidwa bwinobwino, mmene amapindira mwana wanga.

Mfutiyo munalibe.

"Hasna!" ndinakuwa. "Hasna, iwe!"

Kuseri kwa khoma ndinamumva akulankhula ndi kavalo, motsitsa, monga ankachitira bambo ake asanalowe pamzere.